Magetsi a ku Lichinga: kuchokera pa Lucheringo kukafika ku Cahora Bassa

Mzinda wa Lichinga uli pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pamene pamalekezera nyanja ya mchere. Mvula ikagwa m'chigawo chimenechi, madzi ake amagawana njira. Ena amatsetserekera kumadzulo n'kukathira m'nyanja ya Niassa, yomwe a tsidya lina amaitcha nyanja ya Malawi, kenako amatuluka ndi mtsinje wa Shire. Ena amalowera kumpoto ndi kum'mawa, m'mitsinje ya Lucheringo ndi Lugenda, mpaka kukafika mu Rovuma. Palibe ngakhale dontho limodzi limene limakafika pa damu la Cahora Bassa, chifukwa Shire amakumana ndi Zambezi kumunsi kwambiri, atadutsa kale Songo ndi Tete. Komabe babu loyaka m'kalasi ku Lichinga lero limadalira madzi a Zambezi, omwe ambiri ndi mvula yogwa ku Angola ndi ku Zambia, pamene mvula ya ku Niassa yolowera kunyanja imakazunguza makina a pa Nkula ndi pa Tedzani n'kuunikira Blantyre. Kuti zinthu zifike pamenepa panadutsa zaka zambiri, ndiponso nkhondo ziwiri.

Apwitikizi anakhazikitsa mzindawu mu 1931 ndipo anautcha Vila Cabral, patangopita zaka ziwiri ulamuliro wa Companhia do Niassa utatha. Dzina loti Lichinga linabwera dziko litalandira ufulu. Kwa nthawi yaitali magetsi a mumzindawu ankachokera ku majenereta oyendera dizilo, ndipo dizilo anali ndi ulendo wautali. Njanji yochokera ku doko la Nacala kudzera ku Cuamba inafika ku Vila Cabral mu 1969, ndipo kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 800. Sitima ikachedwa, mafuta ankachepa. Mafuta akachepa, mzinda unkagona mumdima. Vutoli ndilo linachititsa anthu kuyang'ana ku mitsinje yoyandikira.

Mawu oti "magetsi opangidwa ndi madzi" ali ndi kamsampha. Mwana amene wawamva koyamba angaganize kuti madziwo ndiwo amasanduka magetsi, monga momwe chimanga chimasandukira ufa pachigayo. Sizili choncho. Madzi amene alowa m'makina amatuluka onse, kuchuluka kwake kuli komweko, ndipo amapitiriza ulendo wawo m'mtsinje. Anthu akumunsi amamwa, amachapira ndi kuthirira nawo madimba. Chimene makina amatenga ndi mphamvu ya kugwa kwa madziwo. Madzi okhala pamwamba ali ngati mwala woikidwa pa denga: ukakhala phee suoneka kuti uli ndi mphamvu, koma ukagwa umaswa mphika. Ntchito ya damu ndi kukweza madzi ndi kuwasunga, kuti agwe pa nthawi ndi pa malo amene munthu wasankha.

Njira yake ndi iyi. Pa damu pamakhala khomo lolowera madzi, lotchingidwa ndi zitsulo zonga sefa kuti zinyalala ndi mitengo zisalowe. Kuchoka apo madzi amatsika m'chipaipi chachikulu, kapena m'ngalande yoboola m'thanthwe, ndipo akamatsika amapanikizika kwambiri. Kumunsi amakapeza gudumu lamapiko, lija mabuku a Chipwitikizi amalitcha turbina, n'kulizunguza. Gudumulo lalumikizidwa ndi mtanda wachitsulo umene umakwera kukalowa mu jenereta. M'jeneretamo muli mbali ziwiri: yozungulira, yokhala ndi maginito, ndi yokhazikika, yokhala ndi mawaya a kopa okulungakulunga. Maginito akamadutsa pafupi ndi mawayawo, m'mawayamo mumayamba kuyenda magetsi. Aliyense amene anakwerapo njinga ya dayinamo usiku anaziona izi zikuchitika: tayala limazunguza kamutu ka dayinamo, mkati mwake kamaginito kamazungulira pafupi ndi waya, nyale n'kuyaka, ndipo wopalasa akatopa nyaleyo imazilala. Pa damu, mtsinje ndiwo ukupalasa.

Nzeru imeneyi sinabadwe tsiku limodzi. Mu 1831 Michael Faraday wa ku England anaonetsa kuti maginito oyenda pafupi ndi waya amadzutsa magetsi. Zaka zinayi izi zisanachitike, mu 1827, Benoît Fourneyron wa ku France anali atapanga kale gudumu lamadzi lothamanga kuposa magudumu akale a zigayo. James Francis anakonza mtundu wake ku Lowell, ku America, cha m'ma 1849. Lester Pelton anatulukira gudumu lokhala ndi timakapu loyenera madzi ochepa ogwa kuchokera patali kwambiri, ndipo analembetsa luso lake mu 1880. Viktor Kaplan wa ku Austria anabweretsa mu 1913 lina looneka ngati mapiko a injini ya boti, loyenera madzi ambiri ogwa pafupi. Amodzi mwa malo oyamba odziwika ogulitsa magetsi a madzi ku America anatsegulidwa mu 1882 ku Appleton, pa mtsinje wa Fox, ndipo ankatulutsa makilowati 12 ndi theka okha, osakwana ngakhale kuyendetsa chigayo chimodzi chachikulu cha masiku ano.

Kuchuluka kwa magetsi kumadalira zinthu ziwiri: madzi odutsa pa sekondi iliyonse, ndi kutalika kwa pamene akugwa. Kyubiki mita imodzi ya madzi, yomwe ndi malita 1,000 ndipo imalemera tani imodzi, ikagwa mita imodzi pa sekondi iliyonse imapereka makilowati 9.8. Ndiye kuti munthu akachulukitsa 9.8 ndi kuchuluka kwa madzi, n'kuchulukitsanso ndi kutalika kwa mathithi, amapeza mphamvu yonse, ndipo pamenepo amachotsapo gawo limene limatayika m'mapaipi ndi m'makina. Masamu ake ndi oti ana a m'makalasi apamwamba a pulayimale angawathe. Kamtsinje kotaya makyubiki mita 2 pa sekondi kuchokera pa mtunda wa mamita 50 kali ndi makilowati 980, ndipo makina abwino angatengepo pafupifupi 800. Mtsinje womwewo utakhala pa chigwa chathyathyathya, kugwa kwake kukhale mita imodzi yokha, sungapereke ngakhale makilowati 20. N'chifukwa chake akatswiri ofuna magetsi amafunafuna mathithi ndi zigwembe, malo omwe apaulendo akale ankadana nawo.

David Livingstone anali mmodzi wa apaulendo otero. Mu 1858 anafika ndi sitima yake pa mathithi a Kebrabasa, kumtunda kwa Tete, ali ndi chiyembekezo choti Zambezi akhala msewu wa malonda wolowera pakati pa Africa. Mathithiwo anamukaniza. Anatembenukira ku Shire, kumenenso anapeza mathithi ena, kuyambira pa Kapichira kupita kumtunda, ndipo kunyanja anakafika wapansi mu 1859. Malo onse awiri amene anamulepheretsa ndi omwe lero akupanga magetsi a Mozambique ndi a Malawi. Za dzina loti Cahora Bassa, mawu oti basa m'Chinyungwe ndi ntchito, ndipo kufotokoza kofala n'kwakuti pamenepo ndi pomwe ntchito ya opalasa mabwato inkathera.

Boma la Portugal linasaina mgwirizano womanga damuli mu 1969 ndi gulu la makampani lotchedwa Zamco, nkhondo yomenyera ufulu ili mkati. Cholinga sichinali kuunikira midzi ya ku Tete kapena ya ku Niassa. Wogula wamkulu anali South Africa ya tsankho, ndipo atsamunda ankalotanso zodzaza chigwa cha Zambezi ndi azungu obwera kudzakhala. Frelimo inadana ndi ntchitoyi poyera, ndipo magulu a ku Ulaya otsutsa utsamunda anakakamiza makampani kuti atulukemo. Kampani ya ASEA ya ku Sweden inatulukadi. Ntchito inapitirira ndi asilikali olondera. Anthu zikwi makumi angapo anasamutsidwa m'mphepete mwa mtsinje, ambiri n'kukaikidwa m'midzi yokakamiza yotchedwa aldeamentos, kutali ndi madimba ndi manda a makolo awo. Buku la Allen Isaacman ndi Barbara Isaacman la mu 2013, Dams, Displacement, and the Delusion of Development, linasonkhanitsa maumboni a anthu osamutsidwawo ndi a anthu amene ankaswa miyala pa Songo. Mbiri ya damuli ikaphunzitsidwa ndi manambala a konkire okha, popanda anthu amenewa, imakhala yoperewera.

Manambalawo ndi akuluakulu ndithu. Khoma ndi lalitali mamita 171, ndipo ndi lopindika ngati uta kuti mphamvu ya madzi izikankhira m'mapiri a mbali zonse ziwiri. Madzi anayamba kudzaza mu Disembala 1974, n'kupanga nyanja yotalika makilomita pafupifupi 250, kulowera ku Zumbo. Nyumba ya makina inakumbidwa m'thanthwe, pansi pa phiri, ndipo muli magudumu asanu a mtundu wa Francis, lililonse la mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Masamu aja amagwira ntchito pano monga amagwirira pa kamtsinje: gudumu limodzi limameza makyubiki mita pafupifupi 450 pa sekondi, ogwa mamita oposa pang'ono 100. Chodabwitsa n'chakuti makina aakulu chotere sathamanga. Amazungulira maulendo opitirira pang'ono 100 pa mphindi, ndipo liwiro limeneli saloledwa kulisintha, chifukwa magetsi a m'dziko muno ayenera kusinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi. Anthu akayatsa zinthu zambiri madzulo, jenereta imalemedwa n'kufuna kufooka, ndipo zitseko za madzi zimatseguka pang'ono kuti liwiro libwerere pamalo pake.

Kuchokera pa Songo anamanga mizere iwiri ya nsanja zachitsulo yotalika makilomita pafupifupi 1,400, yopita ku siteshoni ya Apollo, pafupi ndi Johannesburg. Kumpoto kunalibe waya wopita ku Niassa. Ufulu utabwera mu 1975, kampani yoyendetsa damu, Hidroeléctrica de Cahora Bassa, inatsala m'manja mwa Portugal ndi magawo 82 pa 100 aliwonse, Mozambique n'kukhala ndi 18, chifukwa cha ngongole ya ntchito yomanga. Choncho dziko linali ndi limodzi la madamu aakulu kwambiri mu Africa, koma likulu la chigawo cha Niassa linkadikirabe mathanki a dizilo.

Kampani ya boma ya Electricidade de Moçambique, EDM, inakhazikitsidwa mu 1977, ndipo dziko la Norway linali m'gulu la oyamba kuithandiza. Anthu a ku Norway amadziwa mitsinje ya m'mapiri, popeza magetsi awo ambiri amachokera ku madzi. Ndi thandizo lawo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunamangidwa malo ang'onoang'ono opangira magetsi pa mtsinje wa Lucheringo, kufupi ndi Lichinga. Mphamvu yake siifika megawati imodzi. Ndi makilowati opitirira pang'ono 700. Kumapeto kwa zaka zomwezo ku Cuamba kunatha ntchito ina yofanana nayo, yogwiritsa ntchito madzi a m'phiri la Mitucué, ya mphamvu yoposa pang'ono megawati imodzi. Poyerekeza ndi Cahora Bassa, makina a ku Lichinga ndi kadontho: pangafunike malo otero pafupifupi 2,800 kuti afanane ndi Songo.

Koma kadonthoko kanafika pa nthawi yake. Zaka zimenezo nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo inali itafalikira kumpoto. Njanji ya ku Cuamba inawonongeka, misewu inali yoopsa, ndipo Niassa anatsala ngati chilumba, kumene katundu wambiri ankafika pa ndege kapena kudzera ku Malawi. Mu 1983 boma linatumizanso ku Niassa anthu ambiri ochotsedwa m'mizinda pa ntchito yotchedwa Operação Produção, ndipo othawa nkhondo m'midzi ankakhamukira ku Lichinga. Dizilo akasowa, mtsinje sunkafuna sitima kapena operekeza a mfuti. Nthawi yomweyo damu lalikulu lija linali litangokhala ngati ng'ombe yomangidwa: nsanja mazanamazana za mzere wa ku South Africa zinagwetsedwa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mpaka cha m'ma 1997 magetsi sankapitanso ku Apollo. Makina a pa Songo ankatulutsa kagawo kochepa kwambiri ka mphamvu yawo, madzi ambiri n'kumangodutsa pa zitseko. Jenereta ikasowa waya wotengera magetsi kwa ogula, ilibe ntchito, chifukwa magetsi ochuluka chotere alibe nkhokwe. Amagwiritsidwa ntchito nthawi yomweyo imene apangidwa. Nkhokwe yake ndi madzi ali m'damuwo.

Malo ang'onoang'ono ali ndi malire ake. Kamtsinje ka m'phiri kamasefukira mu Febuluwale n'kuphwera mu Okutobala, ndipo popanda nyanja yaikulu yosungira, magetsi amatsika limodzi ndi madzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mzinda unakula msanga, zigayo ndi malo ocheka matabwa zinachuluka, ndipo makilowati 700 sakanakwanira. Majenereta a dizilo anapitiriza kugwira ntchito, ndipo kuzima kwa magetsi kunali chizolowezi. Matauni ena a m'malire, monga Mandimba, ankalandira magetsi kuchokera ku ESCOM ya ku Malawi, ndiye kuti madzi a nyanja ya Niassa ankabwerera kwawo kudzera m'waya.

Waya wa Cahora Bassa unafika ku Lichinga cha m'ma 2005, zaka makumi atatu damu litatsekedwa. Mzere wake, womangidwa ndi thandizo la Sweden ndi Norway, ukuchokera ku Gurué kudzera ku Cuamba ndipo umanyamula mavoliti 110,000. Ulendo wonse ndi wokhotakhota: kuchokera pa Songo magetsi amatsikira ku Matambo pafupi ndi Tete, amatsata Zambezi mpaka dera la Caia, amakwera ku Mocuba ndi Alto Molócuè pa mzere wa mavoliti 220,000, kenako n'kukhotera ku Gurué, Cuamba ndi Lichinga. Amazungulira dziko la Malawi m'malo molidutsa. Mavoliti amakwezedwa chotere ndi mathiransifoma chifukwa waya wautali umatentha n'kudya magetsi. Mavoliti akakwera, zotayika m'njira zimachepa kwambiri. Pofika mumzinda mathiransifoma ena amawatsitsa pang'onopang'ono mpaka 220 a m'nyumba. Kukhala kumapeto kwa mzere wautali chotere kuli ndi mtengo wake: mphepo ikagwetsa nsanja ku Zambézia, kapena madzi akasefukira monga anachitira mtsinje wa Licungo ku Mocuba mu Januwale 2015, zigawo zakumpoto zimakhala mumdima kwa masabata, pa Songo makina ali bwinobwino. Pa nthawi zotero makina aang'ono a m'chigawo momwemo amakumbukiridwa.

Umwini wa damu unasintha pa 27 Novembala 2007, mu ulamuliro wa Armando Guebuza, pamene Mozambique inatenga magawo 85 pa 100 italipira Portugal madola 700 miliyoni a ku America, kuwonjezera pa 250 miliyoni amene kampaniyo inalipira yokha. Mu 2012 gawo la Mozambique linakwera kufika pa 92.5. Ngakhale zili choncho, gawo lalikulu la magetsi a pa Songo limagulitsidwabe kunja, makamaka ku Eskom ya ku South Africa, ndipo sukulu zambiri za kumidzi ya ku Niassa zilibe waya. Ophunzira a m'maboma a Lago, Sanga kapena Mavago angathe kujambula turbina pa bolodi asanayatsepo babu kwawo.

Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza chilankhulo cha m'kalasi. Chipwitikizi chili ndi mawu osiyana a energia, força, potência ndi electricidade, pamene Chinyanja cha tsiku ndi tsiku chimanyamula zambiri mwa izi ndi mawu awiri, mphamvu ndi magetsi. Ngakhale mawu oti magetsi amatanthauza nyale zoyakazo komanso chimene chikuyenda m'waya. Izi sizikutanthauza kuti chilankhulocho n'choperewera. Aneni ake ndi olemera. Madzi amagwa, amathamanga, amakankha, amazunguza, ndipo mneni aliyense akuloza sitepe yake m'makina. Mwana amene wanena m'chilankhulo chake kuti madzi akukankha mapiko, mapiko akuzunguza mtanda, mtanda ukuzunguza maginito, wamvetsa kale nkhani yonse, ndipo mawu oti gerador akadzabwera amapeza pokhala. Woloweza mawu a Chipwitikizi okha angakhoze mayeso akukhulupirirabe kuti madzi otuluka m'damu ndi osukuluka. Dzina la gudumulo likhoza kubwerekedwa monga anabwerekera mawu oti injini ndi batire. Chosabwerekeka ndi kufotokoza.

Chinthu chomaliza chimene makina onsewa amadalira sichili m'manja mwa EDM, HCB kapena EGENCO ya ku Malawi. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Niassa inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka m'nyanjamo, ndipo pamene panali mtsinje panamera bango. Nthawi imeneyo kunalibe makina oti aime. Pa Nkula anatsegula mu 1966 ndi mamegawati 24, chaka chimodzi atamaliza chotchinga madzi cha pa Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo magetsi ambiri a Malawi akhala akudalira mtsinje umodzi umenewu. Madzi akachuluka mopitirira nawonso amawononga: mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu 2024 chilala chinaphwetsa Kariba, kumtunda kwa Cahora Bassa, mpaka mabanja a ku Zambia ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi, ndipo nyanja ya pa Songo nayo inatsika kwambiri chaka chimenecho. Ku Cuamba, kumene makina a pa Mitucué anamangidwa m'nthawi ya nkhondo, mu 2023 kunatsegulidwa munda wa magalasi otapa dzuwa wokhala ndi mabatire osungira magetsi, ndipo unalumikizidwa ku mzere womwe uja wopita ku Lichinga.